Kudyera Masuku Pamutu

Pali mau amene anthu a kwathu amanena munthu akamcenjerera mnzake, namlanda phindu la thukuta lake mwini wake osadziwa. Amati, "Wamdyera masuku pamutu." Ndiri mwana ndinafunsa ambuye anga, amai ao a amai, kuti mau amenewa anayamba bwanji. Iwo anati ndiganize za mai amene wasenza dengu la masuku kucokera kuthengo, ndipo pambuyo pake palikudza munthu wamtali amene alikutapa m'dengumo, nadya, namalabvula njere m'mbali mwa njira. Mai uja saona kanthu popeza maso ake ali kutsogolo. Angomva kuti katundu alikupepuka, nayesa kuti khosi lazolowera. Adzazindikira potula.

Ine ndine kalaliki wa boma pano pa Lundazi, ndipo ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni. Nkhani iyi ndalembera inu anzanga amene mwangotsiriza kumene maphunziro, amene mulikuyang'ana njira ya kutauni ndi mtima wakuti za kumudzi zatha nchito. Ndifuna kukuuzani za mtengo wa msuku, ndiponso za tsiku limene mau aja ananenedwa kwa ine ndi amai anga ondibala, ine ndi kusowa coyankha.

Dziko lathu la Lundazi liri pamtunda. Kum'mawa kuli malire a Malawi, ndipo kumadzulo, munthu akapyola Lumezi, atsikira m'cigwa ca Luangwa, kumene timati ku Malambo. Kucigwako nkotentha, ndipo zipatso zake ndi malambe, bwemba ndi masau. Koma kumtunda kuno, m'nkhalango za mombo ndi mtondo, ndiko kwao kwa msuku. Mtengo umenewu sufuna nthaka yabwino iai. Umakonda m'mbali mwa zitunda, pa mcenga ndi pa nsangalabwi, pamene cimanga sicingakondwe. Ndipo sukonda kukhala wokha, pakuti pamene mwapeza umodzi mudzapeza yambiri. Masamba ake ngaakulu ndi okhuthala, ndipo akagwa nauma amalira pansi pa mapazi, kotero kuti mlenje sangathe kuzembera nyama pamisuku. Umacita maluwa m'dzinja, zipatso zake ndi kumakula pang'onopang'ono cirimwe conse, kufikira zitayamba kupsa pamene mvula yoyamba iri pafupi. Suku lakupsa liri ndi khoko lofiirira. Ukalifinya limang'ambika, ndipo m'kati muli njere zitatu kapena zinai zokutidwa ndi zonona zotsekemera ngati uci.

Anthu a sayansi amaucha mtengo umenewu Uapaca kirkiana, pokumbukira John Kirk, sing'anga amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi pa Shire kuyambira 1858 kufikira 1863, natumiza masamba ndi zipatso za mitengo yathu ku Kew, m'dziko la England. Koma makolo athu sanayembekeze mlendo kuti audziwe. Acewa, Atumbuka ndi Abemba onse amati masuku, ndipo Ashona a ku Zimbabwe amati mazhanje.

Kuseri kwa mudzi wathu, m'dziko la Mfumu Mwase, kunali citunda ca misuku pafupi ndi bwinja limene anakhalapo makolo a mbumba yathu. Palibe munthu amene anabzala mitengo imeneyo, ndipo cifukwa cake palibe amene anali kunena kuti njake. Komabe inali ndi malamulo ake, amene ambuye anatiphunzitsa tisanadziwe kuwerenga. Loyamba linali lakuti munthu posweka mphanje asadule msuku. Adule mitengo ina yonse, koma uwu ausiye uli ciriri pakati pa munda. Laciwiri linali lakuti suku silithyoledwa, ndipo mtengo wake sugwedezedwa kapena kumenyedwa ndi mwala. Suku limatoledwa pansi litagwa lokha. Lacitatu linali lakuti wofika poyamba atole za dengu lake limodzi, ndipo zotsala asiyire amene alikudza pambuyo. Mlendo wapanjira anali womasuka kudya mpaka kukhuta, osapempha kwa munthu.

Pa nthawi imeneyo ndinali kuyesa kuti malamulo awa ndi nkhanza cabe za okalamba. Tsiku lina ndinakwera mumtengo ndi kuthyola masuku aawisi, ndipo ambuye sanandimenye, koma anandikhazika pansi nandiuza kuti ndidye onse amene ndinathyola. Anandiumitsa m'kamwa, misozi ndi kulengeza. Pamenepo anati, "Mdzukulu wanga, suku lidziwa lokha tsiku lake. Wolifulumiza sadya, ndipo amana ndi anzake omwe."

Nchito za msuku nzambiri. Akazi amafinyira masuku m'madzi, nacotsa makoko ndi njere, nathira madziwo m'phala, ndipo phalalo silifunanso shuga. Ena amacezera kacasu. Mizu yake akale anali kuiphika kukhala mankhwala a m'mimba. Matabwa ake ngofiira bwino, ndipo ciswe siciwadya msanga. Ndipo mvula ikakhazikika, masuku atayamba kutha, pansi pa mitengo yomweyo pamamera bowa, kotero kuti citunda cimodzi cinali kutipatsa cipatso, kenaka ndiwo. Koma ubwino wake woposa wonse uli pa nyengo yake. Masuku amapsa mu Novembala ndi mu Disembala, pamene nkhokwe zambiri zayamba kuoneka pansi, anthu alikulima ndi mimba zopanda kanthu, ndipo cimanga catsopano cikali kutali.

Ndinazindikira ici m'caka ca 2002, pamene njala inagwa kuno ndi ku Malawi komwe. Ndinali ndi zaka 12. Nkhokwe yathu inatha mvula isanagwe, ndipo atate anacoka kukasuma, nakhala masabata ambiri osabwera. Amai anali kutidzutsa tambala woyamba, ine ndi alongo anga awiri, kuti tifike pacitunda anyani asanatsike. Tinali kutola mumdima, kufufuza ndi manja pansi pa masamba, mame akutizizira m'miyendo. Masana amai anali kuphika phala la gaga wa m'manja amodzi, nathiramo madzi a masuku ambiri, ndipo tinali kumwa ndi kupita kumunda. Sindinena kuti tinali kukhuta, koma palibe mmodzi wa ife amene anagwa. M'mudzi monse munali momwemo, ndipo ngakhale njala inali yoopsa, sindikumbuka kuti wina anamenya mtengo ndi mwala.

Caka comweco boma linacotsa malipiro m'sukulu za pulaimale, koma ku sekondale makolo anali kulipirabe kufikira 2022. Pamene ndinasankhidwa kupita ku sukulu ya mishoni, ndalama zina zinacokera ku nsawa, koma zina zinacokera pacitunda paja. Nyengo ya masuku ikafika, amai anali kupinda nkhata, nasenza dengu usiku, nafika pa msika wa Lundazi dzuwa likutuluka, nakhala tsiku lonse akugulitsa timilu. Anatero zaka zisanu. Ndiri ndi manyazi ponena kuti tsiku lina, atagulitsa, anadza kudzandiona ku sukulu ndi masuku osankha omanga pansalu, ndipo ine ndinawalandirira kuseri kwa nyumba yogonamo, kuopa kuti anzanga angandiseke kuti ndine wa kuchire. Amai anaona, koma sananene kanthu. Ine ndinayesa kuti sanazindikire.

Nditalembedwa nchito, ndinakwatira ndi kuyamba kumanga nyumba ya njerwa pa boma. Zipupa zinatha, koma ndalama za malata zinasowa, ndipo nyumbayo inakhala yosafolera zaka ziwiri. Tsono kunadza cirala ca 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka, pakuti cimanga cinauma m'minda m'zigawo zambiri. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi nayamba kuzima nthawi yaitali tsiku ndi tsiku, ndipo anthu a m'matauni amene anali kuphikira magetsi anabwerera ku mbaula. Makala, amene kutauni amati malasha, anakwera mtengo. Pamenepo munthu wina wooca makala anadza kwa ine, nati wamva kuti kwathu kuli citunda ca mitengo, ndipo ngati ndimpezera cilolezo kwa eni ake tidzagawana matumba.

Ndinawerengera pa pepala, monga kalaliki, ndipo masamu anakoma. Ndinadziuza kuti ici ndi citukuko: makala adzagula malata, ndipo pamalo poyerapo ndidzabzala soya. Amai pa nthawiyo anali ku Chipata kwa mlongo wanga amene anali ndi mwana wakhanda. Ndinapita kwa amalume, amene ali mwini mbumba, nditanyamula shuga ndi sopo. Iwo anamvetsera zonse, nawerama nthawi, nati, "Mphwanga, kodi amai ako wawauza?" Ndinati, "Amalume, amai adzakondwa akadzaona malata." Anati, "Iwe ndiwe wophunzira. Ife tinganenenji?" Mau amenewa ndinawalandira ngati ulemu, osadziwa kuti munthu wamkuluyo alikusamba m'manja.

Nkhwangwa zinalowa mu Julaye. Ndinapita Loweruka lina kukaona nchito, ndipo ndinapeza misuku iri gone, nthambi zake zitadzala masuku aang'ono obiriwira amene anatsala miyezi inai kuti apse. Mtima unandigunda, koma ndinayang'ana kumbali. Gawo langa linali matumba 40, ndipo mwezi usanathe nyumba yanga inafoleredwa.

Kumapeto kwa Novembala amai anafika kwanga osatumiza mau. Mkazi wanga anawayalira mphasa, ndipo titalonjerana anakweza maso nayang'ana malata nthawi yaitali. Kenaka anamasula nsalu, naturutsa kambale ka masuku, napatsa mwana wanga wamkazi. Mwanayo anafinya limodzi, nalawa, nalabvula, nati, "Ambuye, sakoma." Amai anati, "Ngobvundika, mdzukulu wanga. Ndacita kugula panjira." Atatero anatembenukira kwa ine, nalankhula ndi mau apansi, monga amalankhulira ndi munthu wamkulu.

"Bambo, malata anu ngabwino, ndawaona. Koma kumudzi nkhokwe zinatha kale, ndipo ana a alongo anu alikugona ndi njala. Caka cino ndico caka cimene citunda cija cikadatisunga, monga cinakusungani inu. Akazi alikudzuka pakati pa usiku kupita ku misuku ya midzi ina, kumene alikuwapirikitsa ngati akuba. Ine ndinasenza dengu zaka zisanu kuti inu muphunzire. Ndinali kumva kuti lirikupepuka, koma sindinadziwe kuti wodza pambuyo panga ndinu. Bambo, mwatidyera masuku pamutu."

Ndakhala ndikuyankha makalata obvuta a anthu okwiya zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndinangoti cete. Usiku mvula inagwa, ndipo kulira kwake pa malata, kumene ndinakulakalaka zaka ziwiri, kunandimana tulo. M'mawa ndinagula matumba a ufa ndi kutumiza kumudzi. Koma ufa wogula umatha m'sabata ziwiri, ndipo sunafike ku nyumba zonse zimene zinali kudya pacitunda paja. Soya amene ndinabzala pa nsangalabwi zija sanabweze ngakhale mbeu. Makolo anasiya malo amenewo osalima cifukwa anali kudziwa nthaka yake. Madzi akatayika saoleka.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga za mtengo umenewu, ndipo ndapeza kuti malamulo a ambuye anali ndi zifukwa zimene sukulu siinandiphunzitse. Misuku iri mitundu iwiri, yaimuna ndi yaikazi. Yaikazi yokha ndiyo imabala, koma siingabale popanda ufa wa maluwa a yaimuna, umene tizirombo touluka timanyamula. Cotero munthu amene adula msuku wosabala, poyesa kuti ngwacabe, acepetsa zipatso za inzake. Bowa nayenso samera pamisuku mwangozi. Pansi pa nthaka ali ndi timaulusi toyera timene timakulunga mizu ya mtengo, ndi kuuthandiza kuyamwa madzi ndi cakudya m'nthaka yosauka, ndipo mtengo umabwezera pomdyetsa. Mtengo ukafa, bowayo athanso. Ndipo ndico cifukwa cake mbande za msuku zimakula bwino zikabzalidwa m'dothi lotengedwa pansi pa msuku wina. Njere zake sizisungika monga cimanga. Zikauma masabata owerengeka zafa, ndipo ziyenera kufesedwa zikali zaziwisi. Mtengo womera ku njere umatenga zaka 10 kapena kupitirira kuti uyambe kubala. Zimene ine ndinagwetsa m'mwezi umodzi zinatenga moyo wa munthu kuti zikule.

Ndazindikiranso cifukwa cake masuku a pamsika masiku ano sakoma monga kale. Pamene misuku inali yambiri, munthu anali kudikira kuti suku ligwe, podziwa kuti mawa adzapeza. Tsopano popeza yacepa, ndipo ogula a magalimoto alikufuna matumba opita nao ku Chipata ndi ku Lusaka, ali yense aopa kuti akadikira mnzake adzamtsogolera. Motero anyamata amamenya thunthu ndi mwala waukulu kuti aawisi omwe agwe, nawabvundika m'matumba kapena m'dzenje kuti afewe. Masuku otero amafewa koma satsekemera, ndipo mtengo umatsala ndi mabala pakhungwa, amene amaufoketsa caka ndi caka. Sindingawadzudzule anyamatawo ndi mtima woyera, pakuti anthu onga ine ndife tinacepetsa mitengo.

Komabe ciyembekezo ciripo. Akatswiri a mitengo amene anagwira nchito ku Msekera, pafupi ndi Chipata, ndi ku Makoka, pafupi ndi Zomba, anayenda m'midzi kufunsa anthu, makamaka akazi ndi ana, kuti awasonyeze misuku ya zipatso zazikulu ndi zotsekemera koposa. Anatenga timphukira ta mitengo imeneyo ndi kutimezanitsa pa mbande, ndipo anapeza kuti mtengo womezanitsa uyamba kubala patapita zaka zitatu kapena zinai zokha. Taonani kuti ngakhale ophunzira kwambiriwo anayamba ndi kufunsa osenza madengu. Ndiponso lamulo la nkhalango la dziko lathu la 2015 lilola anthu a m'mudzi, mfumu yao itabvomereza, kupanga gulu ndi kupangana ndi a zankhalango kuti asunge nkhalango yao ndi kudyerera zipatso zake. Lamulo la ambuye tsopano likhoza kulembedwa pa pepala, ndipo iyi ndi nchito imene kalaliki angathe kuigwira.

Msuku uli ndi khalidwe lina limene landitonthoza: citsa cake cimaphuka, ndipo mizu yake imaturutsa ana, ngati moto ndi mbuzi zausiya. Ndinapita kwa amalume ndi kwa amfumu a mudzi, ndi kupepesa pamaso pa mbumba yonse, ndipo tinapangana kuti pacitunda paja khasu lisalowenso. Mvula ikatha ndimatenga chuthi, ndipo ine ndi ana a alongo anga timalambula m'mbali monse kuti moto wolusa wa mu Okutobala usalowe. Pa citsa ciri conse timasiya mphukira ziwiri zamphamvu ndi kudulira zina. Nyengo ya masuku ana amatola njere za okoma okhaokha, nazifesa tsiku lomwelo m'dothi la pamisuku. Amai amadza kudzaona, nakhala pamwala, namatiuza kuti citsa ici cinali ca mtengo wa masuku aakulu, ico cinali ca wamwamuna. Amaidziwa yonse monga adziwira zidzukulu zao. Tsiku lina ndinati, "Amai, mudzadyanso masuku a pano." Iwo anaseka nati, "Bambo, ine mano anatha. Sungirani uyu," naloza mwana wanga.

Tsono anzanga, inu amene mwatsiriza sukulu, ena a inu mudzalembedwa nchito m'maofesi, ena mudzacita malonda, ena mudzabwerera kukalima. Kuli konse kumene mudzakhala, anthu a kwanu adzakupatsani ulemu umene amalume anandipatsa ine, nadzati, "Iwe ndiwe wophunzira, ife tinganenenji?" Muwaope mau amenewo. Maphunziro amamtalikitsa munthu, ndipo munthu wamtali ndiye amene dzanja lake lifika m'dengu la mnzake. Sindikuti musamange nyumba za malata, kapena kuti mudzi ukhale monga unaliri kale. Ndikuti musanagwetse cinthu cimene simunabzale, muyambe mwafunsa amene amadzuka tambala woyamba kukatola pansi pake, ndipo powerengera phindu pa pepala muwerengere ndi iwo omwe. Ine ndinamva mau a ambuye ndiri mwana, koma ndinawamvetsa nkhwangwa zitapita kale. Mau a akulu akoma akagonera. Koma inu musadikire kuti agonere nthawi yaitali monga ndinacitira ine.